Kodi sikelo yoyeza "kutakataka" pa blockchain ingaberedwe?

Ejenti aliyense wa ndalama za pafoni amene amakhala pa kabenchi ku Lizulu kapena pa Tsangano Turn-off amadziwa kanthu kena kamene akatswiri olemba mapulogalamu a crypto, ndalama za pa intaneti, amachedwa kukaphunzira. Komishoni ikamawerengedwa potengera maulendo amene ndalama yalowa kapena kutuluka, K100,000 ya mayi wodzaoda mbatatesi imatha kusanduka ma K20,000 asanu. Ndalama ndi yomweyo, kasitomala ndi mmodzi yemweyo, koma m'kaundula wa kampani zimaoneka ngati pabenchipo pafika anthu asanu. Makampani a mafoni m'maiko ambiri akhala akulimbana ndi mchitidwewu, amasintha kawerengedwe ka komishoni, amatseka manambala a maejenti ena, koma sutheratu. Chimene amalipira ndi chiwerengero, ndipo chiwerengero munthu amatha kuchipanga ndi zala zake.

Pali ndalama za crypto zimene zimalonjeza kuti mphamvu pa netiweki sizipita kwa mwini makina odula kapena mwini mulu wa ndalama basi, koma kwa amene akutakataka: wotumiza, wolandira, wogula, wogulitsa. Achinyamata ena ku Ntcheu ndi ku Dedza, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anayamba kuyang'ana ku crypto, ndipo lonjezo lotere limawakoka chifukwa limamveka ngati chilungamo kwa munthu wa mpamba wochepa. Kodi sikelo yoyeza kutakatakayo ingaberedwe? Ingaberedwe. Zofunika kuziona bwino ndi mtengo wa kuberako, amene amalipira mtengowo, ndi zimene woberayo amatuluka nazo.

Blockchain ndi kaundula wa ndalama, ngati buku la mlembi wa banki mkhonde, kungoti makompyuta masauzande amasunga bukulo iliyonse lakelake ndipo palibe tcheyamani. Pakapita kanthawi pamafunika kuti mmodzi alembe tsamba latsopano, lomwe amalitcha buloko, ena onse alivomereze. Wolembayo amalandira mphoto, komanso amakhala ndi mphamvu yosankha zolowa m'tsambamo ndi zotsala kunja. Ndiye pamachitika maere. Vuto n'lakuti pa intaneti dzina siligulidwa. Waleti, akaunti yosungiramo crypto, imatsegulidwa m'kamphindi, popanda chiphaso, popanda kulipira ngakhale tambala. Maere akakhala oti waleti imodzi tikiti imodzi, munthu mmodzi atsegula mawaleti 100,000 usiku umodzi n'kudya zonse. John Douceur wa ku Microsoft Research analongosola vutoli mu 2002, ndipo mpaka lero limatchedwa Sybil attack.

Choncho tikiti ya maereyo imayenera kumangiriridwa ku chinthu chimene munthu sangachipange mwaulere. Bitcoin, kuyambira 2009, inaimangirira ku magetsi ndi makina, njira yotchedwa proof of work. Peercoin mu 2012 inayambitsa zoimangirira ku ndalama imene munthu wasunga, proof of stake, ndipo Ethereum inasamukira ku njira yotereyi pa 15 Sepitembala 2022, komwe wofuna kulemba nawo mabuloko amaika chikole cha 32 ETH, ndalama ya Ethereum. Njira ziwirizi zili ndi zofooka zake, koma magetsi amene wawotcha sabwerera, ndipo ndalama imodzi singakhale chikole m'mawaleti awiri nthawi imodzi. Ukagawa 320 ETH m'magawo khumi, mphamvu yako siikula ngakhale pang'ono. Kutakataka sikuli choncho. Ndalama imodzimodziyo itha kuyenda maulendo 1,000 pa tsiku kuchoka m'thumba lakumanja kupita lakumanzere la buluku limodzi, ndipo kompyuta imene ikuona maadiresi okha siingadziwe kuti buluku ndi limodzi.

Maina amasokoneza pa nkhaniyi. Chikalata chotchedwa Proof of Activity, chimene Iddo Bentov, Charles Lee, Alex Mizrahi ndi Meni Rosenfeld analemba mu 2014, sichiwerenga n'komwe kuchuluka kwa ndalama zimene munthu watumiza. Pamenepo "activity" ikutanthauza kuti mwini chikole ali pa intaneti ndipo wakonzeka kusaina buloko akasankhidwa. Decred, yomwe inayamba mu 2016, ili pafupi ndi maganizo amenewo: makina amakumba buloko, kenako matikiti asanu amasankhidwa mwamaere ndipo pamafunika mavoti atatu mwa asanuwo. Sikelo yake ndi ya magetsi ndi chikole basi. Ndiponso batani la Pi Network limene anthu amadina pakatha maola 24 aliwonse silisankha wolemba buloko. Limangowerengera matokeni, ndalama za crypto, amene munthu adzagawiridwe, pamene consensus yake, njira imene makompyuta amagwirizanirana pa buloko yatsopano, imayenda pa makompyuta ena, motsatira Stellar Consensus Protocol. Zimene tikukamba pano ndi njira zimene kayendedwe ka ndalama kamalowa m'kati mwenimweni mwa maere, monga Proof of Stake Velocity ya Reddcoin ya mu 2014 ndi Proof of Importance ya NEM.

NEM ndiyo yoyenera kukhalapo nthawi, chifukwa anthu amene anaipanga anaganizira za chinyengo mozama ndipo malamulo ake analembedwa poyera. Inayamba pa 31 Malichi 2015, ndalama yake ndi XEM, buloko imatuluka pafupifupi mphindi iliyonse, ndipo kulemba buloko amakutcha harvesting, kukolola. Mwayi wokolola umatengera malikisi a akaunti, omwe amawatcha importance.

Mpanda woyamba wotchinga chinyengo ndi kukhwima kwa ndalama. XEM ikangolowa mu akaunti imakhala yanthete, siiwerengedwa. Pakatha mabuloko 1,440, lomwe ndi tsiku limodzi, 10 peresenti ya imene idakali yanthete imakhwima. Kuti akaunti ilowe m'maere imafunika XEM yokhwima yokwana 10,000. Mukaika 100,000 mwalowa tsiku limodzi likatha. Mukaika 20,000 mudikira masiku 7. Mukaika 11,000 mudikira masiku 23. Waleti yabodza iliyonse ikufuna mpamba wake ndi masiku ake, ndiye zotsegula mawaleti 100,000 usiku umodzi zagwa kale.

Mpanda wachiwiri uli pa zimene zimawerengedwa ngati kutakataka. Kutumiza kosafika 1,000 XEM sikuwerengedwa. Kutumiza kwa akaunti imene ilibe 10,000 yokhwima sikuwerengedwa. Zimene zinachitika kupyola mabuloko 43,200 apitawo, pafupifupi masiku 30, zimaiwalidwa, ndipo ngakhale m'kati mwa masiku 30 amenewo kulemera kwake kumatsika ndi 10 peresenti tsiku lililonse, kotero 1,000 XEM imene munatumiza sabata yatha lero ikulemera ngati 478. Chachikulu koposa, pakati pa maakaunti awiri pamawerengedwa kusiyana kokha. Chikondi akatumizira Mphatso 5,000, Mphatso n'kubweza 5,000, sikelo imaona ziro. Masewera a thumba lakumanja ndi lakumanzere athera pomwepo.

Woberayo amangowonjezera thumba lachitatu. Waleti A itumizira B, B itumizira C, C ibwezera A. Pakati pa awiri alionse pali ndalama imene yapita mbali imodzi yokha, choncho kusiyana si ziro, pamene ndalama yonse yabwerera kwa mwini wake. Eni NEM anakudziwa kuzungulitsa kumeneku ndipo anakulemba okha m'chikalata chawo pansi pa dzina loti loop attack. Chimene chimakuluma ndi lamulo la kukhwima lija. Ukatumiza, ndalama imachoka ku yokhwima ndi yanthete mofanana ndi mmene zilili mu akauntimo, koma imene walandira imafika yonse ili yanthete. Tengani waleti ya 20,000 yokhwima yonse, imene tsiku lililonse ikutumiza 5,000 n'kulandira 5,000. Tsiku loyamba likatha yokhwima yatsala 15,500. Lachiwiri 12,462. Lachitatu 10,412. Lachinayi 9,028, ndipo waletiyo yatuluka m'maere. Kuti asagwe, woberayo ayenera kuzungulitsa kachigawo kochepa ka mpamba waukulu, komanso akulipira chaji pa kutumiza kulikonse.

Pamwamba pa zimenezi pali masamu ofanana ndi PageRank, njira ya Google yopatsira malikisi masamba a pa intaneti, otchedwa NCDawareRank, amene amayang'ana yemwe akulandira ndalama kuchokera kwa yani ndi kuunjika maakaunti m'magulu. Gawo limeneli anangolipatsa kulemera kwa 0.1337 poyerekeza ndi 1 wa mbali ya ndalama, kutanthauza pafupifupi 12 peresenti ya malikisi onse. Apa ndi pamene ndimaona kuti NEM inadziteteza pochepetsa chinthu chomwecho chimene inkatchukira nacho. Mipanda yonse tatchulayi ndi ndalama ndi nthawi. Mnyamata wa pa Kampepuza amene ali ndi 3,000 XEM, ngakhale atatumiza kakhumi pa tsiku kwa makasitomala enieni, sikelo siimuona n'komwe.

Tsopano tichotse mipandayo tione masamu a ndalama yongopeka, imene yalonjeza zambiri. Tinene kuti imatulutsa matokeni 100,000 pa tsiku ngati mphoto, ndipo 30 peresenti, matokeni 30,000, amagawidwa potengera kuchuluka kwa ndalama zimene munthu wayendetsa. Chaji yotumizira ndi 0.1 peresenti. Anthu onse oona mtima pamodzi amayendetsa matokeni 1,000,000 pa tsiku. Pabwera munthu ndi matokeni 50,000 okha, n'kulemba kapulogalamu kowazungulitsa maulendo 20 pa tsiku. Naye wayendetsa 1,000,000. Chaji yamudya 1,000. Theka la mphoto ya kutakataka, 15,000, ndi lake. Watsala ndi phindu la 14,000 pa tsiku pa mpamba wa 50,000, osagulitsa ngakhale tomato mmodzi.

Phindu lotere silibisika. Ena amalowa, aliyense ndi kapulogalamu kake, ndipo amasiya kuwonjezera pokhapokha chaji yonse ikayandikira mphoto yonse. Pa chaji ya 0.1 peresenti, zimenezi zichitika ndalama zoyenda zikafika 30,000,000 pa tsiku. Mwa zimenezo, zenizeni ndi 1,000,000 zija, pafupifupi 3 peresenti. Zina zonse ndi mphepo. Eni ndalamayo adzaika chithunzi pa Facebook chosonyeza kuti netiweki yakula ka 30, pamene wogwiritsa ntchito weniweni, amene poyamba ankagawana 30,000 ndi anzake, tsopano akugawana 1,000.

Apo tangokamba za mphoto. Kulemera komweko kukakhala kosankhira wolemba buloko, nkhani imakula. Pa blockchain imene imatsatira mzere wautali wa mabuloko, munthu wopyola theka la kulemera konse amatha kulembanso masamba aposachedwa n'kugwiritsa ntchito ndalama imodzi kawiri. Pa imene imadalira mavoti a magawo awiri mwa atatu, wopyola gawo limodzi mwa atatu amatha kuimitsa kutsimikiza kwa mabuloko. Tinene kuti woberayo wagwira pafupifupi kutakataka konse, zomwe taona kuti n'zotheka kwa munthu wololera kutaya ndalama pa chaji kwa masiku ochepa. Kutakataka kukakhala 30 peresenti ya sikelo, akufunika 28.6 peresenti yokha ya chikole chonse kuti apyole theka, ndi 4.8 peresenti yokha kuti apyole gawo limodzi mwa atatu. Kukakhala 50 peresenti, chikole sichikufunikanso kwenikweni. Ndipo pali kusiyana kumene anthu amakuphonya: chikole umachigula ndi kuchisunga, ndipo ukaononga netiweki mtengo wake umagwa uli m'manja mwako, pamene kutakataka umangochita lendi kwa sabata imodzi n'kuchoka.

Ndalama yozungulitsayo siiyenera kukhala yako n'komwe. Pa Ethereum ndi netiweki zina pali ngongole zotchedwa flash loan, zimene umabwereka ndi kubweza m'kati mwa kutumiza kumodzi komweko, popanda chikole. Mu Epulo 2022 munthu wina anabwereka mwanjira imeneyi ndalama zokwanira kugula mavoti a polojekiti ya crypto yotchedwa Beanstalk kwa kamphindi, navomereza yekha lamulo lotulutsa chuma, ndipo polojekitiyo inataya pafupifupi madola 182 miliyoni. Sikelo iliyonse yosafunsa kuti ndalamayi yagona masiku angati mu akaunti imagwa mwanjira imeneyi.

Masamu a mphepo aja anachitikadi. FCoin, msika wa crypto umene Zhang Jian anatsegula mu 2018, unkabwezera anthu chaji yonse ya malonda m'matokeni ake a FT. Pasanathe miyezi iwiri malonda ake a pa tsiku ankaoneka ngati aposa a misika ikuluikulu, chifukwa mapulogalamu ankangogulitsana okhaokha kuti akumbe FT. Mu Febuluwale 2020 mwini wake analengeza kuti sangathe kubweza ndalama za anthu, zapakati pa ma Bitcoin 7,000 ndi 13,000. Mu Novembala 2019 pa blockchain ya EOS panabwera tokeni ya EIDOS: ukatumiza kandalama kochepetsetsa ku adiresi yake, kankabwerera kwa iwe pamodzi ndi EIDOS pang'ono. Anthu anatumiza mpaka netiweki inadzaza, eni maakaunti ang'onoang'ono n'kumalephera kutumiza zawo zenizeni. Mu Januwale 2022 LooksRare, msika wa NFT, zithunzi zimene umwini wake umalembedwa pa blockchain, unayamba kugawa matokeni a LOOKS tsiku lililonse potengera kukula kwa malonda, pa chaji ya 2 peresenti. Anthu anasankha zithunzi zimene wozijambula salandirapo gawo, monga Meebits, n'kumadzigulitsa okha pa mitengo ya mamiliyoni a madola pakati pa mawaleti awo awiri. Zitatuzi sizinali consensus, koma sikelo yake ndi yomweyo, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti anthu adzachita manyazi ikadzakhala yosankhira wolemba buloko.

Mwina mukuti chaji ikwezedwe. N'zoona kuti chaji ndiyo mtengo wa kubera, koma funsani kaye kumene chajiyo imapita. Ikamapita kwa wolemba buloko, woberayo amene ali ndi 20 peresenti ya mwayi wolemba amabwezeredwa 20 peresenti ya chaji yake. Choipa kwambiri n'chakuti atha kusunga kutumiza kwake konse osakuulutsa, n'kudikira mpaka maere amugwere, kenako n'kudzaza buloko yake ndi kutumiza kwa pakati pa mawaleti ake, chaji yonse n'kudzilipira yekha. Zikatero mtengo wa kubera ndi ziro, ndipo akamalemba mabuloko ambiri malikisi ake amakula, malikisi akakula amalemba mabuloko ochulukirapo. Ethereum, pa kusintha kwa EIP-1559 mu Ogasiti 2021, inasankha kuti gawo loyambira la chaji liziwotchedwa osapita kwa aliyense, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti wolemba buloko asamaseweretse mtengo wa chaji ndi kutumiza kwake kwabodza popanda kumva kuwawa. Ndiye ndalama yoyeza kutakataka iyenera kuwotcha chaji. Koma ikatero, "kutakataka" kwangosanduka kuchuluka kwa ndalama zimene munthu walolera kuwotcha, ndipo wowotcha zambiri ndi wolemera yemwe uja.

Njira ina imene imaoneka yachifundo ndi yochepetsa mphamvu ya akuluakulu, mwina poika malire pa akaunti iliyonse, mwina powerenga square root ya kutakataka, nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsa kutakatakako. Akaunti yoyendetsa 10,000 ipeza malikisi 100, yoyendetsa 100 ipeza 10, kusiyana kwachepa. Wolemerayo amangogawa 10,000 yake m'mawaleti 100, iliyonse 100, n'kupeza malikisi 1,000. Achulukitsa kakhumi pongodula ndalama m'tizidutswa, ndendende ejenti uja wa ma K20,000 asanu. Lamulo lililonse lokomera wamng'ono limakomera wodziyesa ang'onoang'ono ambiri.

Nanga kuzindikira magulu abodza ndi masamu? Mu 2005 Alice Cheng ndi Eric Friedman a ku Cornell anasonyeza kuti njira yopatsa malikisi imene imangoyang'ana maonekedwe a kulumikizana kwa maakaunti, popanda akaunti ina yodalirika poyambira, siingatetezeke ku maina abodza. Chifukwa chake n'chosavuta. Ngati kayendedwe ka ndalama ka msika wa Chimbiya ndiko kamapereka malikisi apamwamba, woberayo amamanga Chimbiya wake wa mawaleti, wokhala ndi "ogulitsa kanyenya", "makondakitala" ndi "alimi a kabichi", ndalama zosiyanasiyana, nthawi zosiyanasiyana. Kwa kompyuta misika iwiriyo ndi yofanana.

Pali amene amaloza ku ma airdrop, kumene polojekiti ya crypto imagawira matokeni aulere kwa amene akhala akuigwiritsa ntchito, n'kunena kuti kumeneko oberawo amagwidwa. Amagwidwadi ena. Optimism inachotsa maadiresi opitirira 17,000 mu Meyi 2022. LayerZero mu 2024 inauza anthu a mawaleti ambiri kuti akadziulula okha alandira 15 peresenti ya zimene akanalandira, akapanda kutero alandira ziro. Zizindikiro zake n'zodziwika: mawaleti onse analandira ndalama yoyambira kuchokera ku adiresi imodzi, amachita zinthu zofanana motsatana m'mphindi zochepa, ndalama zake n'zofanana mpaka pa kadontho, pomaliza onse amakatula ku adiresi imodzi ya pa msika. Wobera wozindikira amapewa zonsezi: amatulutsa ndalama yoyambira ku misika yosiyanasiyana, amaika nthawi ndi ndalama mwachisawawa, satula pamodzi. Koma chachikulu si chimenecho. Gulu logawa airdrop limabisa malamulo ake, limaweruza zinthu zitachitika kale, ndipo muli anthu amene amaona ndi maso n'kugamula. Consensus ilibe mwayi umenewo. Lamulo lake liyenera kukhala poyera, lolembedwa mu pulogalamu imene aliyense angawerenge, ndipo kompyuta iliyonse iyenera kupeza yankho limodzimodzi pa buloko iliyonse. Woberayo ali ndi pepala la mayeso pamodzi ndi mayankho ake, ndipo atha kuyesa njira 1,000 pa kompyuta yake kunyumba asanataye tokeni imodzi.

Netiweki ya Helium inayesa kumangirira sikelo ku ntchito yooneka ndi maso. Anthu ankagula timakina ta wailesi totchedwa hotspot, kamodzi kamaponya chizindikiro, tina toyandikana n'kuchitira umboni kuti tamva, onse n'kulandira matokeni a HNT. Oberawo anaunjika timakina tambiri m'chipinda chimodzi, n'kulembetsa pa mapu ngati tili motalikirana, n'kumasintha mphamvu ya chizindikiro kuti ifanane ndi mtunda wabodzawo. Yankho linadzakhala mndandanda wa timakina toletsedwa, umene anthu amauyang'anira. Ndiye kuti tcheyamani uja amene blockchain inkamuthawa walowera khomo lakuseri.

Yankho lomaliza limene limatchulidwa ndi loti munthu mmodzi akhale ndi akaunti imodzi, potsimikiza ndi chiphaso kapena nkhope. Kuno kwathu sitifunika kuuzidwa mmene zimenezi zimathera. Nkhani za mavenda ogula ziphaso za unzika kwa alimi pa nyengo ya feteleza wotsika mtengo si zachilendo ku Bembeke kapena ku Njolomole. Worldcoin, imene inkajambula diso la munthu, inakumana ndi msika wamseri wa maakaunti otsimikizidwa kale mu 2023, chaka chomwe boma la Kenya linaimitsa ntchito zake m'dzikomo. Chiphaso chimakweza mtengo wa waleti yabodza kuchoka pa ziro kufika pa mtengo wa munthu wosauka mmodzi, ndipo mtengo umenewo ndi wotsika kwambiri kumidzi ngati yathu.

Ngakhale pasakhale wobera aliyense, taganizirani amene amatakataka koposa onse pa blockchain iliyonse. Si mlimi, si wa kabaza. Ndi misika yosinthira crypto, imene mawaleti ake amalandira ndi kutumiza usana ndi usiku ndalama za makasitomala. Sikelo ya kutakataka imawapatsa mphamvu kawiri, pa mulu umene akusungira anthu ndi pa kayendedwe kake. Zimene mphamvu yotere ingachite zinaoneka pa blockchain ya Steem mu Malichi 2020, pamene ndalama za makasitomala zosungidwa ku misika ya Binance, Huobi ndi Poloniex zinagwiritsidwa ntchito povota kuchotsa olemba mabuloko amene ankalimbana ndi Justin Sun, mpondamatiki wa crypto. Binance ndi Huobi anadzachotsa mavoti awo, koma anthu ambiri anali atatsimikiza kale zochoka, ndipo pa 20 Malichi anayambitsa blockchain yawo ya Hive.

Wina akakubweretserani ndalama yotere pa Ntcheu boma, chikalata chake chitsegulidwe pamaso panu. Pezani nambala yosonyeza gawo la kutakataka pa sikelo yonse. Ikasowa, kapena akati ndi chinsinsi cha kampani, ndiye kuti pali kampani imene ikugamula, ndipo mawu oti consensus angokongoletsera. Ikapezeka, chotsani gawolo pa 50, zotsalazo mugawe ndi gawo la chikole, mupeza chikole chimene wobera akufunika kuti alande netiweki. Kenako onani ngati amawerenga kusiyana kokha pakati pa maakaunti awiri kapena kutumiza kulikonse, ngati ndalama imayenera kugona masiku isanawerengedwe, ndi kumene chaji imapita. Pomaliza gawani mphoto ya kutakataka ya tsiku limodzi ndi chaji ya kutumiza kumodzi. Yankho lake ndi chiwerengero cha kutumiza kwabodza kumene netiwekiyo ikulipirira tsiku lililonse, ndipo chikakhala pafupi ndi chiwerengero chimene akudzitama nacho, mwadziwa amene akutumizawo. Musaiwalenso kuti Reserve Bank of Malawi inanena mu 2019 kuti ndalama za crypto si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, choncho zikavuta palibe ofesi ya ku Lilongwe imene ingakubwezereni.

Mu Malichi 2021 gulu la NEM linatulutsa blockchain yake yachiwiri, Symbol. Masamu onga PageRank aja anawasiya. Njira yatsopanoyo anaitcha PoS+, dzina limene likuvomereza lokha kuti maziko ndi chikole. Malire a 10,000 anatsala, tsopano mu XYM, ndalama ya Symbol, ndipo kutakataka, komwe kumayezedwa ndi chaji imene akaunti yalipira komanso kuyendetsa node, kompyuta yosunga kaundulayo, anakupatsa 5 peresenti ya malikisi. Pa 5 peresenti, munthu amene wagwira kutakataka konse afunikabe 47.4 peresenti ya chikole kuti apyole theka.